Phazi la Kumanja la Amalume

Mazira 83. Ndiwo anasweka pa ulendo wa Lachiwiri, mwa mazira 9,000 amene ndinakweza m'mathireyi 300. Pa maulendo khumi ndi anayi a m'mbuyomo sindinatayepo opitirira asanu ndi awiri. Ndinawerenga kawiri, ndipo ndinaona kuti osweka onse ali m'milu yakutsogolo, ngati kuti wina anawakankha mwamphamvu kuchokera kumbuyo. Ndiye poti ndine munthu wanzeru zedi, ndinapita ku ofesi ya kampani imene imatinyamulira katundu n'kukalemba dandaulo. Ndinalilemba mokongola, manambala onse ali m'malo mwake. Pamzere wofunsa za dalaivala ndinalembapo dzina lake osaphethira n'komwe, ngati kuti dalaivalayo si mlongo wawo wa amayi anga.

Amalume ayendetsa mathiraki zaka 27. Pabwalo la kampani amadziwika kuti a Nsapatoimodzi, ndipo dzinali analigwirira ntchito. Akangokhala pampando amavula nsapato ya kumanja n'kuiika kuseri. Kuchokera pamenepo mpaka kumene akupita, matani makumi atatu amaimitsidwa ndi phazi lopanda kanthu, la ming'alu kuchidendene, chala chachikulu chokhotera kumbali.

Anayambira pa thirakitala ya pafamu ina, nthawi imene nkhani yovula nsapato panalibe chifukwa nsapatozo analibe. Atapeza ntchito ya lole anagula nsapato zazikulu zachikopa kuti azioneka munthu. Tsiku loyamba, pageti penipeni, anaponda mabuleki monga ankapondera pa thirakitala. Lole inaima pomwepo, koma bwana amene anakhala pambali pawo anapitiriza ulendo mpaka pagalasi. Chipumi cha bwanayo chinatupa mlungu wathunthu. Amalume anavula nsapato tsiku lomwelo, ndipo chichokereni apo sanagundepo ngakhale nkhuku.

Mukawafunsa chifukwa, konzekani kukhala pansi.

"Galimoto yaing'ono, ukaponda umakankha mafuta, mafuta n'kukakankha mabuleki," amatero. "Zimene zikuchitika kumatayala umazimva m'mwendo. Koma thiraki imagwira ndi mpweya. Phazi silikankha kanthu, limangotsegula chitseko kuti mpweya udutse. Ukatsegula pang'ono, udutsa pang'ono. Ndiye tandiuza, chitseko ungachitsegule bwanji pang'ono utavala chijombo cha njovu?"

Phazi limeneli amalisamala kuposa mmene amasamalira ana. M'mutu mwa thiraki amasungamo chigubu cha madzi, sopo wonunkhira ndi kathawulo kake kake. M'mawa asananyamuke, komanso akamabwerera, amakhala pampando, amathira madzi paphazi, kulipaka sopo, kulitsuka, kulipukuta, kenako n'kukolopa pansi. Panja salisambira, chifukwa pokwera angaponde fumbi la pamasitepe, ndiye ntchito yonse yapita pachabe. Aanti, akazi awo, amati kunyumba amalume sadziwa kumene tsache limakhala, koma m'thirakimo mukhoza kuchitiramo opaleshoni.

Dandaulo langa linafika pa tebulo la amanijala Lachitatu. Lachinayi m'mawa, ndikukonzeka kupita kukakweza mazira ena, aanti anandiimbira foni.

"Iwe wa mazira, wawalembera kalata yabwino amalume ako."

"Aanti, ine ndimangofuna kuti..."

"Ukudziwa kuti milungu itatu tsopano akumadzibaya chala chakuphazi ndi pini? Akadzuka amakhala pamphepete pa bedi, kubaya, n'kumadikira kuti amve kupweteka. Amaganiza kuti sindikuona. Achimwene awo aja matenda a shuga anayambira kumapazi, mpaka ankayenda patapata atavuka osadziwa. Pita ukaone zimene wayambitsa."

Ndinafika pabwalo 9 koloko itangokwana. Thiraki inali itaima pafupi ndi galaja, katundu wa anthu ali kale pamwamba. Amanijala anaima potero, dandaulo langa lili m'manja. Ndi munthu wamng'ono, woposa ine ndi zaka zochepa, ndipo majombo awo achitetezo amawala ngati sanakumanepo ndi nthaka. Pambali pawo panali makaniko wamkulu, a Tisinthe. Dzinali nalonso silinabwere mwangozi. Mukawauza kuti hutala siikulira, asanaione n'komwe amayankha kuti, "Tisinthe."

Apa m'pamene ndinamva kuti amalume anali atadandaula kale katatu. Ankanena kuti chopondera mabuleki chikumauma poyamba, kenako n'kugwa mwadzidzidzi, mabuleki n'kuluma ngati galu. Mlungu woyamba a Tisinthe anasintha sefa youmitsa mpweya. Wachiwiri anasintha paipi. Wachitatu anasintha kachipangizo kolamulira kompulesa. Chopondera chenichenicho, chimene munthu ankadandaula nacho, sanachigwire, chifukwa kuti uchione bwino umafunika kugwada.

"Madala," anatero amanijala, "thiraki iyi tasinthamo zinthu zitatu. Kompyuta ikuti zonse zili bwino. Chatsala chimodzi chokha chimene sitinasinthe." Maso awo anatsikira kuphazi la amalume n'kukhala komweko. "Ngakhale kasitomala walemba."

Kasitomalayo, amene ndi ine, anayamba kuwerenga miyala ya pansi.

"Thiraki ituluka 12 koloko," anapitiriza. "Vuto likapezeka isanakwane nthawiyo, chabwino. Likapanda kupezeka, makiyi mupereka kwa dalaivala wina, inu mupite kwa dokotala. Pageti pakufunika munthu wotsegula. Pamenepo ngakhale mutavula zonse ziwiri palibe angadandaule."

"Ndamva, bwana," anatero amalume. Kenako anatembenukira kwa ine. "Iwe mwana wa mlongo wanga, poti kuwerenga umakutha, bwera uwerenge zothandiza."

Anapinga matayala ndi matabwa, anakwera, anavula nsapato. Tsikuli sanasambe phazi. Analiza injini, ndipo ine ndinagwira foni kuwerenga nthawi imene muvi wa geji ukutenga kuti ukwere. Unafika pa 8 m'mphindi ziwiri ndi masekondi 40, kenako pansi pa thiraki panamveka kuti "tsii!" kusonyeza kuti mathanki adzaza.

"Ngati yatsopano," anatero a Tisinthe monyada. "Ntchito ya manja anga."

Amalume anazimitsa injini, anamasula mabuleki oimikira, anaponda chopondera mpaka pansi n'kuchigwira pomwepo mphindi yathunthu. Mpweya ukamathawira penapake, muvi umatsika. Ndinauyang'anitsitsa mpaka maso anachita misozi. Unangogwedezeka pang'ono poyamba, n'kukhazikika.

Analowa pansi kukatsegula mathanki, kuti mwina muli madzi. Thanki yoyamba inalavula timadontho tosadzaza supuni. Zinazo zinangotulutsa mpweya wouma. Anayeza timikono timene timakankha mabuleki pa tayala lililonse, a Tisinthe ndi lula, amalume ndi chala chamanthu. Lula ndi chala zinagwirizana: timikono tonse tinali kuyenda mofanana.

Kunena zoona, sindinaonepo munthu akukhumudwa chonchi chifukwa choti galimoto yake ili bwino. Chilichonse chimene chinkapezeka chabwino chinkaloza phazi lija. Pofika 10 koloko ndi theka malaya a amalume anali atanyowa kumsana, ndipo anasiya kuyankha nthabwala za a Tisinthe.

Amanijala anakwera okha kuti atsirize nkhani. Anaponda ndi jombo ngati akupha chinkhanira. Mpweya unati "pssh!"

"Agwira," anatero. "Vuto lili pati?"

A Tisinthe anakwera, anapondanso chimodzimodzi. "Agwira, akulu. Mwendo umakalamba, si mlandu. Bwenzi tikusintha, koma sitisunga m'sitolo."

Dalaivala wina, amene ankayembekezera makiyi, anali atafika kale ndi chikwama chake, akuyesetsa kuoneka wachisoni.

Amalume anakhala pa tayala lakale pambali pa galaja. Ndinakhala nawo. Anali atavala nsapato imodzi, phazi linalo lili pafumbi, chinthu chimene sindinachionepo chibadwire.

"Malume, pepani. Dandaulo lija..."

"Unanama?"

"Ayi."

"Ndiye ukupepesa chiyani? Mazira anasweka. Pa hampu ya pafupi ndi sukulu ndinafuna kugwira pang'ono, thiraki inaima ngati yagunda khoma. Ukanakhala mwana wa munthu akuwoloka kutsogolo, wakumbuyo n'kundigunda, bwenzi tikuwerenga zina." Anagwedeza zala za phazi lija, akuziyang'ana ngati za munthu wina. "Onsewa akuponda ngati akuthyola nkhuni. Ukaponda choncho sungamve. Chimauma ukamapita pang'onopang'ono. Koma mwina palibe chikuuma. Mwina ndi ineyo."

Ine pa zamagalimoto ndimadziwa pokhala basi. Koma sikelo yanga ikandikayikitsa, sindiimasula. Ndimatenga katundu yemweyo n'kukamuyeza pa sikelo ya mnzanga. Pabwalopo panali thiraki ina ya mtundu womwewo, yobwera chaka chimodzi ndi yawo.

"Malume, a Tisinthe asintha zinthu zitatu. Bwanji ife tisinthe thiraki yonse, phazi likhale lomweli?"

Anayang'ana thiraki inayo. Ndinazindikira kuti zimenezi anaziganiza kale, mwina tsiku loyamba lomwe. Milungu itatu yonse thiraki inayo inkaima pambali pa yawo, ndipo ankaidutsa osaiyang'ana. Chopondera chake chikanaumanso, ndiye kuti vuto ndi phazi, ndipo nkhani ikanathera pomwepo, popanda dokotala.

"Pakamwa ngati mayi ako," anatero, n'kudzuka.

Anakwera thiraki ya mnzawoyo, anadzaza mpweya, anapukuta phazi ndi mpango, analiika pa chopondera. Anatsinzina. Chala chachikulu chija chinayamba kutsika pang'onopang'ono, mwaulemu, ngati chikugogoda pakhomo pa apongozi. Chinatsika, chinakwera. Kachiwiri. Ine ndikuwerenga. Kakhumi.

Anatsegula maso. Anatsika, anadumphira mwendo umodzi mpaka pa thiraki yawo, anachitanso chimodzimodzi. Apa ngakhale ine ndinaona ndi maso. Chopondera chinkatsika pang'ono, n'kuima, chala n'kumakankha mpaka chikhadabo kuyera, kenako chonse n'kugwa kamodzi. Akachotsa phazi, chinkabwerera mwaulesi ngati munthu woitanidwa kukagwira ntchito.

"Uko khumi mwa khumi chayenda bwino," ndinalengeza. "Kuno chakakamira kasanu ndi kawiri mwa khumi."

"Ayitane bwana wako wa makalata," anatero amalume. Mawu awo anali atabwerera.

Amanijala anabwera akuyang'ana wotchi. Amalume anawapempha mwaulemu wonse kuti avule jombo.

"Madala, malamulo a chitetezo salola."

"Ndiye gwadani muponde ndi dzanja, bwana. Dzanja lilibe lamulo."

Anayang'ana pansi, anayang'ana thalauza lawo, n'kusankha kuvula jombo. Sokosi inali yobooka pachala chachikulu. Tonse tinachita ngati sitinaone, kupatula a Tisinthe, amene anati chapansipansi, "Tisinthe." Amanijala anaponda pang'onopang'ono monga anauzidwira. Chopondera chinakakamira, chinagwa, ndipo iwo anadzidzimuka mpaka bondo linagunda chiwongolero.

"Chotsani kapeti," anatero.

A Tisinthe anagwada, koyamba m'milungu itatu. Anakoka kapeti ya labala yokhuthala ija, ndipo pansi pake panali ponyowa ngati m'bafa. Chopondera cha thiraki imeneyi chimakhala pansi, chomangidwa ndi pini kuchidendene, ndipo chimakankha kachitsulo kolowa mu valavu ya mpweya. Kalabala kophimba kachitsuloko kanali kataphulika. Pini inali yofiira ndi dzimbiri. Kachitsuloko kanali katamera zoyera zangati mchere, zosakanikirana ndi matope. A Tisinthe anapala ndi sikuludilaiva, ananunkhiza, n'kukweza nsidze.

"Dzimbiri ndaliona lambiri pa moyo wanga, bwana. Koma lonunkhira maluwa ndi loyamba."

"Ndi amayi otsuka magalimoto aja," anatero amanijala nthawi yomweyo, akuoneka kuti apeza pogwira. "Ndinawauza kuti asamalowetse paipi ya madzi m'kati. Kandiitanireni wamkulu wawo. Lero lomwe achoka."

Ndinayang'ana amalume. Phazi lawo linali litangopambana mlandu pamaso pa anthu onse. Akanangokhala chete, bwenzi atatuluka pageti ngati mfumu, ndipo nkhani ya a Nsapatoimodzi amene anaposa kompyuta ikanakambidwa zaka khumi. Anakanda m'mutu, anapisa dzanja kuseri kwa mpando, anatulutsa chigubu, sopo ndi kathawulo, n'kuziika pa sitepe chimodzichimodzi.

"Amayi aja muwasiye, bwana. Muno salowamo, ndimawaletsa ndine. Thiraki imene ndinkayendetsa kale pansi pake panali mabowo, madzi ankangotuluka. Iyi ndimaganiza kuti ndikakolopa pamwamba ndiye kuti zatha."

Ine mutu wanga sudziwa kukhala chete pamene pali manambala.

"Theka la lita kawiri pa tsiku ndi lita imodzi. Masiku ngati 300 pa chaka, zaka zitatu chilandirireni thiraki iyi. Malita 900, malume."

"Zikomo kwambiri, mwana wa mlongo wanga. Ukamapita kwanu udutse ku ofesi, ukalembenso."

A Tisinthe anaseka mpaka anakhala pansi. "Madiramu anayi ndi theka, akulu! Mukanandiuza bwenzi nditaikamo nsomba."

Amanijala anaima ndi jombo imodzi m'manja, osadziwa kuti akwiye ndi ndani. Munthu amene anawononga chopondera ndi yemweyo amene anamva kuti chawonongeka, pamene kompyuta, makaniko ndi majombo awiri zinati zonse zili bwino. Pa fomu yawo panalibe bokosi la zimenezo.

"Ndiye kuti phazi lili bwino," anatero pomaliza. "Vuto ndi mwini wake."

"Aanti ake a mwanayu akhala akunena zimenezo zaka makumi awiri, bwana."

A Tisinthe anagwira ntchito mosangalala, chifukwa tsopano panali zosintha zenizeni. Anatulutsa mpweya wonse m'mathanki, anamasula chopondera, anakhoma pini yakale mpaka inatuluka, anapala mpando wake ndi sandipepala, anaika pini yatsopano, kachitsulo katsopano ndi kalabala katsopano, n'kupaka girizi pang'ono. Ankafuna kusintha valavu yonse, koma atathira thovu la sopo wa amalume m'malumikizidwe ake sipanatuluke kathovu ngakhale kamodzi, ndiye anaisiya mwachisoni. Kapeti anaiyanika padzuwa.

Itatsala mphindi makumi awiri kuti ikwane 12, amalume anadzaza mpweya n'kuyesa. Khumi mwa khumi. Anazungulira bwalo kawiri, thireyi yanga imodzi ya mazira ili pampando wa pambali yosamangidwa, n'kudzaima pamaso pa amanijala mofewa moti palibe dzira linasuntha. Amanijala anakweranso, anavula jombo popanda wowauza, anaponda, anagwedeza mutu.

Makiyi anakhala m'thumba la amalume. Dalaivala wa chikwama uja anabwerera nacho, tsopano ali wachisoni zenizeni. Amalume analandira kalata ya chenjezo yonena kuti m'mutu mwa thiraki musalowenso madzi osakhala akumwa, komanso kuti pabwalo la kampani azivala majombo onse awiri. Za kunja kwa geti kalatayo sinanene kanthu, ndipo palibe anafunsa.

Mazira anga tinakweza mochedwa, koma tinakweza. Ndisanatsike, ndinawafunsa za pini yodzibaya nayo chala m'mawa ija.

"Aanti ako alibe chinsinsi," anatero. Anayang'ana kutsogolo. "Chala chimachita dzanzi nthawi zina. Osati kwambiri."

"Ndiye dokotala uja mupitabe."

"Wandilemba ntchito ndiwe?"

"Ndine kasitomala, malume. Ndimatha kulemba."

Madzulo ake wolandira katundu wanga anandiimbira: osweka awiri, mwa 9,000.

Loweruka ndikagula beseni laling'ono ndi patapata mmodzi wa kumanja, ngati wogulitsa angalole kugawa, kuti phazi lizisambira panja n'kukwera masitepe litavala. Lolemba 8 koloko ndikawatenga amalume kupita nawo kuchipatala akayezetse shuga. Lachiwiri ndikweza mathireyi 350.